Phunziro: Mafuta Akatayika Pakati pa Mudzi

Owerenga athu a ku Chiringa ndi a m'midzi yonse ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, lero tiphunzire za mafuta a galimoto otayika pansi, pakuti ambiri amawayesa mwayi, chonsecho ndi tsoka.

Zimene zinaoneka ku Tete

Pa 17 November 2016, galimoto lalikulu lonyamula petulo kuchokera ku doko la Beira kudza kuno ku Malawi linaima pa mudzi wa Caphiridzange, m'boma la Moatize, chigawo cha Tete, ku Mozambique. Anthu anathamangira komweko ndi zigubu kuti akatungeko. Mwadzidzidzi moto unabuka, thanki niphulika. Anthu oposa 70 anafa, ena oposa 100 napsa koopsa, ndipo mwa iwo munali ana. Boma linatengera opsawo ku chipatala chachikulu cha Tete, linalamula masiku atatu a maliro m'dziko lonse, niliika anthu ofufuza chiyambi cha ngoziyo. Zonsezi zinali zoyenera, koma zinadza m'mbuyo mwa alendo.

Kuopsa kwake n'kuwiri

Koyamba ndi moto. Petulo amatulutsa mpweya wolemera koposa umene timapuma, ndipo umakwawa pansi osaoneka, kotero kuti mbaula kapena ndudu ili chapatali ingathe kuuyatsa. Kwachiwiri ndi madzi. Mafuta amalowa m'nthaka nafika m'zitsime. Ena mvula imawakokolera kumtsinje. Tsono kumbukirani kuti mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imathira m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Choipa cholowa m'menemo chimakhalitsa pamodzi ndi matemba amene timadya.

Ntchito ya Boma

Poyamba apolisi atchinge malowo ndi kuchotsa anthu. Kenaka antchito aunjike mchenga kapena dothi mozungulira, kuti mafuta asafike m'ngalande. Osundama awapope, otsala awathire mchenga kapena utuchi kuti uwamwe. Kutsuka ndi madzi n'kulakwa, chifukwa mafuta amayandama namwazika ponseponse. Dothi lonyowa likumbidwe ndi kutengedwa kunka kumalo oyenera, ndipo madzi a m'zitsime ayesedwe anthu asanayambenso kumwa.

Nanga ndalama za ntchito yotereyi apereke ndani? M'chaka cha 2017 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano losamalira chilengedwe, limene linabala bungwe la MEPA. Mwa mfundo zake muli iyi: woipitsa malo ndiye alipire kukonza kwake. Motero mudzi uli ndi ufulu wofunsa kuti malo ake akonzedwe kufikira atayera.

Ntchito yathu

Boma silingafike msanga ngati silinamve. Mukaona mafuta akutayika, thawitsani ana kunka kumene mphepo ikuchokera, zimitsani moto wonse, ndipo tumizani mawu kwa amfumu ndi kupolisi. Musatunge ngakhale kabotolo kamodzi. Umphawi umawawa, tonse tikudziwa. Koma chigubu cha petulo sichingabweze mwana.

Mafunso okambirana

1. Kodi n'chifukwa ninji moto ungabuke ngakhale mbaula ili patali?
2. Kodi mafuta otayika pamsewu wa kwanu angatsate njira iti kufikira m'chitsime chanu?
3. Kodi m'mudzi mwanu ndani angatumize mawu kupolisi mwamsanga?