Phunziro: Kusewera ndi Mwana Wamng'ono Ndalama Zikavuta

Amayi anzanga a Chigwirizano, phunziro la mwezi uno likukhudza mwana uja amene wasiya kukwawa koma sanafike popita kusukulu, wa chaka chimodzi mpaka zaka zitatu. Ndiye uja amene amakugwirani chitenje pamene mukusinja, amagubuduza ndiwo, ndipo mukamubweza amalira ngati walumidwa ndi njuchi. Ambiri a ife timati ndi wovuta. Ena amati, "Ndikadakhala ndi ndalama ndikadamugulira kagalimoto ku Petauke kuti andisiyeko." Kuno ku Sasare ndalama timaiona bwino tikagulitsa thonje, mtedza kapena chimanga, ndipo ikafika imapeza feteleza, sopo ndi mchere zikuidikira kale. Kodi mwana wa mayi wosauka ndiye kuti asasewere?

Ndiyambe ndi nkhani ya kutali. Mu 1986 ndi 1987, mumzinda wa Kingston ku Jamaica, madokotala otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor anasankha ana 129 opinimbira ochokera m'mabanja osauka, a miyezi 9 mpaka 24. Ena mwa anawo ankalandira mkaka. Ena ankachezeredwa ndi wantchito wa zaumoyo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, ndipo ntchito yake inali kuphunzitsa mayi kusewera ndi kulankhula ndi mwana wake. Zidole zake zinali zopanga okha kuchokera ku mabotolo, nsanza ndi zina zotayidwa. Patapita zaka pafupifupi 20 anawafufuzanso anawo ali akuluakulu. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2014: aja amene amayi awo anaphunzitsidwa kusewera nawo ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 25 pa 100 iliyonse. Musandimve molakwa, phala la mtedza ndi lofunika ndipo palibe sewero lingalowe m'malo mwake. Koma taonani kuti chimene chinasintha moyo wa ana aja sichinagulidwe m'sitolo.

Ine amene ndaphunzitsa kusekondale zaka zambiri ndimaziona m'kalasi. Pali mwana wanzeru ndithu koma woopa kufunsa, woopa kuyesa, amene amadikira kuuzidwa chilichonse. Kawirikawiri mantha amenewo anayamba kale, pamene ankaloza nkhuku ali ndi zaka ziwiri ndipo yankho linali "Khala chete!"

Choncho chidole choyamba ndinu. Mwana akaloza mbuzi n'kunena kuti "mee", muyankheni: "Eya, ndi mbuzi. Mbuzi yakuda. Ikudya chiyani?" Mukamatsuka mbale, tchulani mbale, chikho, mpoto. Mukamam'sambitsa, tchulani mphuno, khutu, mchombo. Chitani zimenezi m'chilankhulo cha pakhomo panu. Ngati ndi Chinsenga, lankhulani Chinsenga chenicheni, musachite manyazi. Mwana amene wadzaza mawu a kwawo savutika kuphunzira Chinyanja ndi Chingerezi pambuyo pake. Ndipo kulankhula kumeneku sikukuchotsani pantchito, manja akugwira, pakamwa pakuyankha.

Tsopano tione zimene zili kale pakhomo. Zitsononkho musazitenthe zonse. Sungani khumi zouma bwino m'kadengu. Mwana amazisanja, amazigwetsa, amazitutira m'mbale n'kuzikhuthula, n'kuyambiranso. Inu mudzatopa kuona, iye ayi, chifukwa kubwereza ndiko kuphunzira kwake. Chitsononkho chomwecho mukachikulunga m'kansanza chasanduka mwana, ndipo mudzaona akuchibereka kumbuyo n'kumachitonthoza ndi mawu anu omwe. Apa ndiye mudzadziwa mmene mumamvekera!

Chipatso cha mlambe chouma, chosasweka, ndi chisekese chopangidwa kale. Makapu atatu osiyana kukula amam'phunzitsa chachikulu ndi chaching'ono pamene akuyesa kulowetsa ina mwa inzake. Mpoto wakale ndi mthiko ndi ng'oma, ngakhale kuti amene akugona masana sadzakuthokozani. Katoni ya sopo imene wa pagolosale akufuna kutaya, ipempheni: lero ndi galimoto, mawa ndi nyumba, mkuja ndi khola la nkhuku. Mpira wa mapepala apulasitiki ndi wabwino ngati mwaukuta ndi nsalu n'kusoka, kuti asang'ambe pepala n'kuliika m'kamwa.

Dongo ndiye ndimalikonda koposa. Ife tinakula tikuumba ng'ombe ndi timiphika ta masanje kudambo, koma lero ndimamva amayi ena akukalipa kuti mwana adetsa zovala. M'vuleni malaya abwinowo, m'vekeni chakale, m'patseni dongo pamthunzi. Kukanya, kutsina ndi kukulunga kumalimbitsa tizala tomwe tidzagwire pensulo. Khala lozima ndi mwala wafulati, kapena kamtengo ndi mchenga wosalaza, ndiwo kope lake loyamba. Akatha, m'sambitseni m'manja ndi sopo asanadye. Nthawi yopalira, pamene simungakhale naye pansi, m'patseni kantchito pafupi nanu: atole masamba aike m'dengu, athire madzi pa mbewu imodzi ndi kachikho. Kwa iye ntchito ndi sewero n'chimodzi.

Madzulo pali nthano ndi nyimbo, ndipo apa agogo ndi chuma. Nthano ya mwana wa zaka ziwiri ikhale yaifupi, ya Kalulu kapena Fulu, yokhala ndi kanyimbo kobwerezabwereza kuti aziomba m'manja. Achimwene ndi achemwali ake asewere naye zobisalirana. Abambo nawonso auzeni. Kum'nyamula paphewa n'kumuonetsa ng'ombe zikulowa m'khola sikuchotsa ulemu wa munthu.

Nanga foni? Ndikudziwa kuti imatonthoza msanga, ngakhale pamsonkhano wathu ndaonapo mwana atapatsidwa foni kuti amayi amve phunziro. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linapereka malangizo mu 2019 akuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonere foni kapena TV, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi pa tsiku. Malangizo omwewo akuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azikhala ndi maola atatu pa tsiku oyenda, kuthamanga ndi kusewera. Vuto la foni n'lakuti imalankhula koma siyankha. Mwana akailozera chinthu, iyo imangopitiriza zake.

Zaulere zilinso ndi ngozi zake, ndipo pano ndilankhula monga wolakwa. Tsiku lina ndinapatsa mdzukulu wanga nyemba kuti azithira m'botolo, ine ndikuchonga mayeso pakhonde. Posakhalitsa nyemba imodzi inali m'mphuno. Tinayenda ulendo wa kukiliniki dzuwa lili pamutu, ndipo ndalama ya njinga inaposa mtengo wa chidole chimene ndinkapewa kugula. Kuyambira pamenepo lamulo langa n'lakuti chilichonse chokwana m'kamwa mwa mwana si chidole: nyemba, chimanga, mtedza, mabatani, ndalama zachitsulo, makamaka timabatire tozungulira ta m'mawotchi, timene timawotcha kummero tikamezedwa. Ngati kanthu kalowa m'mphuno kapena m'khutu, musakatokose ndi kamtengo, pitani naye kuchipatala.

Botolo limene munali mankhwala opopera thonje kapena ndiwo zakudimba lisakhale chidole ngakhale mutalitsuka kangati. Parafini musasunge m'botolo la zakumwa, mwana sadziwa kusiyanitsa. Akamasewera ndi madzi mukhale pomwepo, pakuti mwana wamng'ono angamire m'ndowa kapena m'beseni la madzi ochepa, ndipo samakuwa. Kuno kwathu kulinso maenje a okumba golide ndi zitsime zosavundikira. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi si mlezi woti mungam'tume kumeneko ndi mng'ono wake.

Pamsonkhano wotsatira, aliyense abwere ndi chidole chimodzi chimene wapanga osagula kanthu, ndiponso nsanza, singano ndi ulusi. Tidzaziyala pamphasa n'kuziyesa chimodzichimodzi ngati zilibe kakuthwa kapena kakang'ono kothothoka. Zimene zapambana zidzakhala m'dengu la Chigwirizano, kuti ana obwera ndi amayi awo azisewera nazo pamthunzi ndi amayi awiri osinthana. Amene mulibe ana aang'ono pakhomo, ganizirani mtsikana wa m'mudzi mwanu amene wabereka ali wamng'ono, ndipo mubwere naye.