Memori khadi sazula ngati chinangwa

Amalonda ambiri masiku ano kope la ngongole tinalisamutsira m'foni. Zithunzi za katundu, malisiti a ku holoselo amene tinajambula, mayina a amene anatenga katundu kuti adzalipira pakutha pa mwezi, zonsezi zimakhala pa kakhadi kochepa ngati chikhadabo. Kakangowonongeka, wangongole akakukanani mulibe chomuonetsa. Sabata ino tikambirane mmene tingakasamalire.

Foni ikamasunga chithunzi kapena fayilo, silemba zonse pa khadi nthawi imodzi. Zina imayamba yazigwirizira kaye, n'kumazilemba pambuyo pake. Komanso pa khadipo pamakhala mndandanda wosonyeza pamene fayilo iliyonse ili. Mukazula khadi foni ili m'kati molemba, mndandandawo umasokonekera, ndipo zithunzi zimakana kutseguka ngakhale zilipo.

Choncho musanalitulutse, iuzeni kaye foni. Pa mafoni a Android lowani pa Settings, kenako Storage, pezani SD card ndipo dinani Unmount kapena Eject. Pa mafoni ena mawuwa amabisala pa timadontho titatu ta pakona. Dikirani mpaka foni inene kuti mutha kulichotsa. Ngati simukuwapeza, zimitsani foni, idikireni izimiretu, ndiye tulutsani. Mafoni a mabatani, amene khadi limakhala kunsi kwa batire, nawonso muziyamba mwawazimitsa. Potsegula kabati ka m'mbali, gwiritsani ntchito kapini kamene kanabwera ndi foni, ndipo onetsetsani kuti simukubaya kabowo ka maikolofoni. Khadilo ligwireni m'mphepete, osati pa timizere ta golide, makamaka ngati m'manja muli mafuta a chipisi kapena madzi a nsomba. Lamulo lomweli ligwirenso ntchito pa kompyuta ya oika nyimbo: adine Eject asanazule.

Tsiku lina foni ikhoza kukuuzani kuti khadi lawonongeka, mulichite Format. Musafulumire kuvomera, chifukwa Format imafufuta zonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lichotseni, musaikemo china chilichonse, mukaliyese pa kompyuta. Mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec nthawi zambiri amabweza zithunzi ngati pamalo pake sipanalembedwe zina.

Mukaika khadi latsopano, mafoni ena amafunsa ngati likhale Portable storage kapena Internal storage. Wamalonda asankhe Portable. Mukasankha Internal, foni imalikhoma khadilo moti silingawerengedwe pa foni ina kapena pa kompyuta. Foniyo ikadzafa, za pa khadipo zapita nayo limodzi.

Pogula, werengani zimene zalembedwa pa khadi. Lolembedwa microSDHC limalekezera pa 32GB, pamene microSDXC ndi la kuposera pamenepo, monga 64GB ndi 128GB. Mafoni akale ambiri salandira SDXC, ndiye funsani kaye. Nambala 10 yomwe ili m'kati mwa chilembo C ikutanthauza kuti limalemba 10MB pa sekondi kapena kuposa, ndipo ndi lokwanira pa zithunzi ndi mavidiyo wamba. Khadi la 64GB likaonetsa pafupifupi 59GB musakangane ndi wogulitsa, ndi kusiyana kwa kawerengedwe chabe.

Chenjerani ndi makhadi achinyengo. Amalembedwa 64GB kapena 128GB, foni nayo imaonetsa chomwecho, koma malo enieni ndi ochepa kwambiri. Poyamba limagwira bwino, koma malo enieniwo akadzadza, mafayilo amayamba kuwonongeka osakuchenjezani. Mtengo ukatsika mosayembekezeka, kayikirani. Inu amene mumaoda makhadi kuti mukagulitse, yesani angapo pa kompyuta ndi pulogalamu ya H2testw, imene imadzaza khadi lonse n'kuwerenganso kuti ione malo enieni. Kasitomala amene wataya zithunzi za ukwati wake chifukwa cha khadi lanu sabweranso, ndipo amauza msika wonse.

Pokakonzetsa foni kapena poigulitsa, chotsani khadi mupite nalo kunyumba. Musasungepo chithunzi cha chiphaso chanu kapena PIN ya Airtel Money kapena Mpamba, popeza khadi la Portable aliyense amene walitola atha kulitsegula.

Pomaliza, khadi lililonse limatopa, ngakhale lenileni. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, kaya Lamlungu madzulo, lokopera zofunika ku kompyuta, ku fulashi kapena ku Google Drive mukakhala ndi bandulo. Ndipo ngongole zikuluzikulu muzizilembabe m'kope, wotenga katunduyo asayine.