Phunziro 21: Zipembedzo za ku Kasinje

Kasinje ndi malo a malonda m'boma la Ntcheu, m'dera la Inkosi Ganya. Maloŵa ali m'chigwa, m'mbali mwa mseu wochokera ku Balaka kupita ku Salima. Mlendo akafika kumeneko Lachisanu masana amaona Asilamu akupita kumzikiti. Loŵeruka amamva nyimbo za a Seventh Day Adventist, ndipo Lamulungu amakumana ndi Akatolika ndi a CCAP akuthamangira kutchalitchi. Aliponso ena amene amatsata chipembedzo cha makolo. Anthu onseŵa amatunga madzi pamjigo umodzi ndi kugula pamsika umodzi.

Zipembedzozi sizinafike tsiku limodzi. Kalekale makolo ankapembedza Chauta kudzera mwa mizimu, ndipo mvula ikavuta ankathira nsembe. M'zaka za m'ma 1800 Chisilamu chinafika ndi amalonda ochokera kunyanja ya mchere, nichifalikira makamaka pakati pa Ayao a ku Mangochi. Pambuyo pake kunabwera amishoni. Ansembe Achikatolika anamanga mishoni ku Nzama, m'mapiri a Ntcheu, m'chaka cha 1901, ndi ina ku Mua, kumpoto kwa Kasinje, mu 1902. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa Amalaŵi 100 alionse, pafupifupi 14 anali Asilamu, ndipo ambiri mwa otsalawo anali Akhristu.

Kodi anthu osiyana chotere amakhala bwanji pamodzi? Yankho limaoneka bwino pamaliro. Uthenga wa zovuta ukamveka, palibe amafunsa kuti womwalirayo ankapemphera kuti. Amuna amanyamula makasu kukakumba manda, amayi amabwera ndi ufa ndi nkhuni. Mwambo amautsogolera ndi a chipembedzo cha malemuyo, ndipo enawo amakhala chete mwaulemu. Paukwati, Mkhristu wanzeru amapempha mnzake Wachisilamu kuti adzazinge mbuzi, popeza Asilamu amadya nyama yokhayo yozingidwa monga mwa malamulo ao. Akatero, alendo onse amadya momasuka.

Koma mtendere wotere ukhoza kusokonekera. M'chaka cha 2019 panabuka mkangano pasukulu ina ya mpingo m'boma la Balaka, loyandikana ndi Ntcheu. Atsikana Achisilamu anafuna kuloŵa m'kalasi atavala hijabu, mpango wofunda kumutu. Eni sukulu anati chovalacho sichinali gawo la yunifolomu. Mau anakula mpaka anthu anamenyana. Ena anavulala, nyumba zinaonongeka, ndipo maphunziro anaima. Amene anavutika koposa anali ana, Akhristu ndi Asilamu omwe.

Pamenepo bungwe la Public Affairs Committee linaloŵererapo. Bungweli linayamba mu 1992, ndipo mumakhala atsogoleri Achikhristu ndi Achisilamu. Atsogoleriwo anakhala pansi nthaŵi zambiri. Mbali iliyonse inafotokoza chimene chinkaiŵaŵa, inzake ikumvetsera. Zokambiranazo zinatenga miyezi yochuluka, pakuti nkhani ya chikhulupiriro siifuna phuma. Potsiriza, mu 2021, anasainirana pangano lolola atsikana Achisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mipingo. Palibe anasiya chipembedzo chake, koma onse anavomera kuti mwana asalephere kuphunzira. Malamulo aakulu a dziko lino, amene analembedwa mu 1994, amanenanso kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopembedza monga afunira.

Zimene anachita akuluakuluwo, mwana wasukulu angathe kuzichita. Mnzake akamasala kudya m'mwezi wa Ramadani, iye samseka kapena kumtambalitsira chakudya. Wina akalephera kubwera kumpira Loŵeruka chifukwa cha mapemphero, samnyoza. Akaona chinthu chachilendo, amafunsa mwaulemu m'malo mojeda. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mlatho ukakokoloka ndi madzi ku Kasinje, pamafunika manja a Msilamu, a Mkhristu ndi a wotsata za makolo kuti anthu aolokenso.

Mau ofunika kuwadziŵa

nsembe, kuzinga, hijabu, phuma, pangano, kujeda

Mafunso

1. Kodi Kasinje ali m'boma liti, ndipo m'dera la mfumu iti?
2. Tchulani zipembedzo zitatu zopezeka ku Kasinje.
3. Kodi mishoni ya Nzama inamangidwa chaka chiti?
4. Nchifukwa ninji Mkhristu amapempha Msilamu kudzazinga mbuzi paukwati?
5. Ndani anavutika koposa pamkangano wa ku Balaka? Chifukwa chiyani?
6. Fotokozani m'mene mkanganowo unathera.

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zanu pogwiritsa ntchito mau asanu ndi amodzi ali pamwambawo.
(b) Lembani ndime imodzi yofotokoza ntchito imene anthu a zipembedzo zosiyana amagwirira limodzi m'mudzi mwanu.