PHUNZIRO 6: MUNTHU AKALOWA PAKHOMO PATHU POPANDA CHILOLEZO

Chiyambi

Ambirife tinadzukapo m'mamawa n'kupeza mbuzi mulibe m'khola, nkhokwe yabooledwa kapena njinga yapita. Mtima umawawa, chifukwa chimene wakuba watenga usiku umodzi ndi thukuta la chaka chonse. M'phunziro lino tiona m'mene tingatetezere makomo athu popanda kusanduka olakwa ife eni.

Olowa pakhomo ndi osiyana

Mwana wothyola mango, munthu wodutsa m'munda pofupikitsa njira, woledzera wosokera, ngakhale mnansi amene ziweto zake zadya mbewu zathu, onsewa alakwa, koma si mbava. Oterewa timawadzudzula ndi mawu. Akapitiriza, tikatule nkhaniyo kwa a nyakwawa kuti aweruze ndi kugamula chipepeso. Wina ndi amene wathyola chitseko kapena zenera kuti abe. Umenewu ndi mlandu wa kupolisi, ndipo malamulo amauona kukhala waukulu koposa ukachitika usiku.

Malamulo akuti chiyani?

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a chaka cha 1994, m'gawo 28, amapatsa munthu aliyense ufulu wokhala ndi katundu. Choncho kuteteza nyumba, ziweto ndi mbewu zathu si kulakwa ayi. Koma gawo 16 limateteza moyo wa munthu aliyense, ndipo wakuba naye ndi munthu. Gawo 42 likuti woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa, ndiponso kuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48.

Ngati munthu watilowera ndi chikwanje, tili ndi ufulu wodziteteza ndi kuteteza banja lathu. Koma mphamvu imene tigwiritse ntchito ilingane ndi choopsa chimene chilipo. Wakuba akaponya chida pansi, kapena tikamumanga manja, choopsa chatha. Kummenya pamenepo n'kubwezera, ndipo akafa, mlandu wakupha ugwera ife. Malamulo amalola munthu wamba kugwira mbava imene waipeza ikuthyola nyumba, koma aipereke kupolisi mosachedwa.

Chikhulupiriro chathu chikuti chiyani?

Buku la Eksodo, mutu 22, limasiyanitsa mwini nyumba amene wakantha mbala mumdima, osadziwa chimene yadzera, ndi amene waipha dzuwa litatuluka. Wachiwiriyu ali ndi mlandu wa magazi. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, ndime 2263 mpaka 2265, amaphunzitsanso kuti kuteteza moyo wathu n'kololedwa, ndipo kwa amene akusamala miyoyo ya ena ungakhale udindo waukulu, koma kupyola muyeso n'kulakwa.

Tisaiwale zimene zinachitika mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma ena a kummwera, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu popanda mlandu kuzengedwa. Gulu likakwiya silifunsa mafunso, ndipo womwalira sadzuka kuti timpepese. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe: mwana wathu yemwe angakuwiridwe kuti ndi wakuba kumudzi kwa eni.

Dandaulo lathu

Kawirikawiri timati, “Tikampereka kupolisi, mawa timuona pamsika.” Dandauloli ndi lomveka. Koma tidziwe kuti belo si kukhululuka. Mlandu umakhala ulipobe. Milandu ina imafera m'njira chifukwa ife mboni sitipita kukhoti. Tikaona kuti mlandu wathu sukuyenda, tikafunse kwa mkulu wa polisi wa m'dera lathu, titatsagana ndi a nyakwawa kapena a komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya m'parishi.

Zimene tingachite

1. Tikonze zitseko, mazenera, maloko ndi mpanda. Khola ndi nkhokwe zikhale pafupi ndi nyumba.
2. Tiike zizindikiro pa ziweto ndi kulemba nambala ya njinga.
3. Tigwirizane ndi anansi za chizindikiro choitanirana usiku, monga wenzulo kapena kuimba chitini.
4. Tikamva phokoso panja, tisatuluke tokha. Tikuwe, tiitane anzathu. Moyo uposa mbuzi.
5. Tilowe m'magulu a chitetezo cha m'mudzi ogwira ntchito ndi apolisi, ndipo tisunge nambala zawo za foni.
6. Tisagule katundu wokayikitsa chifukwa chotsika mtengo. Wogula zakuba ndiye amalimbitsa mbava, ndipo nayenso ali ndi mlandu.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi kuba kumachuluka nyengo iti kwathu kuno, ndipo chifukwa chiyani?
2. Nyumba za amayi amasiye ndi okalamba timaziteteza bwanji?
3. Gulu litagwira wakuba n'kuyamba kummenya, ife akhristu tinganene chiyani ndi kuchita chiyani?

Mphakati uliwonse usankhe ntchito imodzi pa zisanu ndi chimodzi zija, uiyambe mwezi uno, ndipo udzafotokoze m'mene yayendera pa msonkhano wotsatira.