Kusamalira mwana wochitidwa opaleshoni ya mtima m'kutentha kwa ku Tete

Ana a ku Tete obadwa ndi vuto la mtima kawirikawiri amatumizidwa ku Maputo, kumene Instituto do Coração yakhala ikuchita maopaleshoni a mtima kuyambira mu 2001. Mwana akabwerako, ntchito imatsalira inu makolo: kuonetsetsa kuti magazi akufika bwino m'mapapo, kumene amakatenga mpweya wa okosijeni.

1. Dziwani opaleshoni imene anachitidwa

Ana ena amatsekedwa chibowo chapakati pa mtima, chimene chinkatumiza magazi ochuluka kwambiri m'mapapo. Ena, amene m'mapapo mwawo munkafika magazi ochepa, amaikidwa kapaipi kotchedwa Blalock-Taussig shunt. Enanso amachitidwa opaleshoni ya Glenn kapena ya Fontan, yolumikiza mitsempha yobweza magazi ku mtsempha wa m'mapapo, moti magaziwo amayenda okha, osakankhidwa ndi mtima. Apempheni adokotala akulembereni dzina lake papepala, ndipo pepalalo muziyenda nalo.

2. Musalole kuti madzi amuthere m'thupi

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kwa ku Tete kumatha kupitirira madigiri 40. Mwana akatuluka thukuta kwambiri, akamasanza kapena kutsegula m'mimba, magazi amachepa madzi n'kuyamba kuyenda movutikira. Mu kapaipi kaja akhoza kuundana n'kukatseka. Choncho wakhanda muzimuyamwitsa pafupipafupi, wamkulupo muzimupatsa madzi owiritsa asanadandaule ludzu, ndipo masana azikhala pamthunzi. Akayamba kutsegula m'mimba, mumwetseni madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja otchedwa SRO, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngati akumwa mankhwala okodzetsa monga furosemide, funsiranitu adokotala kuchuluka kwa madzi oyenera kumwa, komanso chochita akadwala.

3. Mankhwala asadumphe tsiku

Aspirin amathandiza kuti magazi asaundane. Ana ena amapatsidwa sildenafil wofewetsa mitsempha ya m'mapapo, ndipo kusiya mankhwalawa mwadzidzidzi n'koopsa. Katengeni ena asanathe. Mwana womwa aspirin akadwala katsabola kapena chimfine chachikulu, auzeni adokotala msanga.

4. Dziwani nambala ya mwana wanu

Kachipangizo kopanira pachala kamasonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Mwana amene mtima wake unakonzedwa wonse amasonyeza 95 kapena kupitirira. Wa kapaipi kapena wa Glenn nthawi zambiri amakhala pakati pa 75 ndi 85, ndipo kwa iye zimenezi n'zabwinobwino. Nambala yakeyo ilembedwe papepala lija, kuti anamwino omuona koyamba asasokonezeke.

5. Tetezani mapapo

Chifuwa chikadzaza, magazi amavutika kudutsa. Musaphike pa mbaula m'nyumba imene mwana akugona, wosuta fodya akasutire kunja, ndipo tsiku la fumbi mwana asasewere pamsewu. Azigona m'neti usiku uliwonse, chifukwa malungo amachepetsa magazi. Alandire katemera yense. Azitsuka mano, popeza tizilombo ta m'mano obooka timatha kukafika kumtima. Kwa milungu 6 yoyambirira musamunyamulire m'khwapa. Fupa la pachifuwa limakhala lisanagwirane.

6. Zizindikiro zosadikira kuti kuche

Thamangirani ku Hospital Provincial de Tete ngati milomo ndi lilime zada kuposa masiku onse, akupuma mothamanga kapena kubanika, akukana kuyamwa, walefuka kapena wakomoka, watentha thupi, nkhope, mimba kapena miyendo zatupa, kapena bala likutuluka mafinya. Mukangofika, onetsani pepala lija.

7. Bwererani pa tsiku limene anakuuzani

Kapaipi sikakula limodzi ndi mwana. Akamakula, magazi odutsamo amayamba kumuchepera, ndipo amatopa msanga. Pomujambula mtima m'pamene adokotala amadziwa kuti nthawi ya opaleshoni yotsatira yakwana. Yambani kusunga ndalama ya ulendo panopa, ndipo mupite ngakhale mwanayo akuoneka wathanzi.