Kodi Mwanayu Wagona Kapena Wakomoka?

Pa tchuthi cha dzinja, ndili kwathu ku Ntchisi, mlongo wanga wa zaka ziwiri anatentha thupi nagwidwa ndi linjirinjiri. Litaleka, agogo anati, "Mlekeni, wagona." Koma amayi anambereka usiku womwewo kunka naye kuchipatala, ine ndili pambuyo ndi nyali. Zimene ndinaona kumeneko ndizo ndifuna kukuuzani, anzanga.

Namwino sanafunse mwanayo mafunso, pakuti mwana wotere sayankha bwino ngakhale ali wamoyo ndithu. Muyeso wa ku Glasgow wa 1974 uyenera akulu odziwa kulankhula. Chifukwa chake madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor pamodzi ndi anzao, pogwira ntchito pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anakonza wina woyesera ana odwala malungo a mu ubongo, naufalitsa mu 1989. Dzina lake ndi Blantyre Coma Score, ndipo wafika kumaiko ambiri.

Malikisi ake onse ndi 5 okha. Poyamba ayesa maso: mwana akatsata nkhope ya mai wake, apata 1. Kenaka namwino atikita fupa la pachifuwa ndi mfundo za zala. Apa ine mtima unandiwawa, ndinayesa nkhanza, koma si nkhanza ai. Mwana akatambasula dzanja kuti achotse chomupwetekacho, apata 2. Akangobweza dzanja pomufinya chikhadabo ndi pensulo, apata 1. Akangoti zii, palibe kanthu. Kulira nakonso ali kumvetsera: kulira kwenikweni ndi 2, kubuula ndi 1. Wopata 2 kapena kucheperapo sanagone, wakomoka.

Mlongo wanga anapata 2. Koma namwino anandiuza kuti nambala yokha ikhoza kunyenga. Mankhwala a diazepam, amene anampatsa kuti linjirinjiri lisabwerere, agonetsa; mwana afookanso kanthawi linjirinjiri litangotha; ndiponso shuga akachepa m'magazi mwana akomoka. Tsono iye anayesa shuga, nalemba nthawi imene anapereka mankhwala, nabweranso kawirikawiri usiku wonse kudzabwereza mayeso aja, kuti aone ngati malikisi ali kukwera kapena kutsika.

Tsiku lachiwiri m'mamawa amayi anasuntha kuti atole nsalu yao, ndipo maso a mwana anawatsata. Namwino atamtikita pachifuwa, analira kolimba namukankha dzanja. Pakhadi analemba 5, nandituma kukauza agogo, amene anali kuphika phala panja.