Mankhwala Ogonetsa pa Opaleshoni ndi Vuto la Malignant Hyperthermia: Zimene Banja Liyenera Kudziwa

M'chaka cha 1960, dokotala Michael Denborough wa ku Melbourne, m'dziko la Australia, analemba za mnyamata wothyoka mwendo amene ankaopa kugonetsedwa chifukwa abale ake khumi anamwalira atalandira mankhwala ogonetsa. Vutoli limatchedwa malignant hyperthermia, ndipo ndi lobadwa nalo: kholo limodzi likakhala nalo, mwana aliyense ali ndi mpata wa theka woti alitengere, ngakhale kuti angakule wathanzi osaonetsa chizindikiro chilichonse.

Gwero lake lili m'minofu. Kuti mnofu ukungike, kashiamu amatuluka m'timatumba ta m'kati mwa maselo kudzera pa kachipata kotchedwa ryanodine receptor, ndipo akabwezedwa m'timatumbamo mnofu umamasuka. Mwa anthu ambiri a vutoli kachipatako kali ndi chilema chochokera ku jini ya RYR1, kotero kuti mankhwala ogonetsa opumira, monga halothane, isoflurane ndi sevoflurane, kapena jekeseni wofewetsa minofu wa suxamethonium, amakasiya kali kotseguka. Kashiamu amasefukira, minofu imauma gwa osamasukanso, imamaliza okosijeni ndi kutulutsa kutentha ndi asidi wambiri, ndipo maselo akasweka amatayira potaziyamu m'magazi, amene angathe kuimitsa mtima.

Ku fiyeta, wogonetsa odwala amayamba kuona mpweya woipa ukuchuluka m'mpweya umene wodwala akutulutsa, mtima ukuthamanga, ndipo nthawi zina nsagwada zimalumana mwakuti pakamwa sipatseguka. Kutentha thupi, kumene kungapitirire madigiri 40, nthawi zambiri kumabwera pambuyo, monganso mkodzo woderako ngati tiyi wopanda mkaka, umene umasonyeza kuti impso zili pangozi. Mankhwala ogonetsawo amaimitsidwa pompo, wodwala amapatsidwa okosijeni ndi kuziziritsidwa, kenako amalandira dantrolene kudzera mumtsempha, kuyambira mamiligalamu 2.5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Dantrolene asanabwere, odwala oposa 70 pa 100 alionse ankamwalira, koma lero, kumene mankhwalawa amapezeka, omwalira ndi ochepera 10.

N'zodetsa nkhawa kuti halothane wakhala akugwiritsidwa ntchito m'zipatala zambiri za mu Africa pamene dantrolene sapezeka kawirikawiri, ndipo n'chifukwa chake mbiri ya banja ili yofunika kwambiri. Ngati wachibale wamagazi amodzi anamwalira mwadzidzidzi, anatentha thupi kwambiri kapena anauma minofu pa opaleshoni, wogonetsa odwala auzidwe opaleshoni isanayambe, ngakhale nkhaniyo ikhale ya kalekale. Kugonetsedwa bwino m'mbuyomu si umboni wakuti munthu alibe vutoli. Opaleshoni yokha isakanidwe, pakuti ketamine, propofol, jekeseni wa pamsana ndi mankhwala ochititsa dzanzi pamalo amodzi sayambitsa vutoli, ndipo adokotala akadziwa msanga amasankha amenewa ndi kukonza makina ogonetsera kuti musatsale mankhwala opumira.